Madzi Anjala

Ndinakhala zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndikukonza mijigo kwa Nsamala, ku Balaka. Setifiketi ndilibe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma munthu akamapopa ine n'kutsamiritsa khutu pa chitsulo, ndinkadziwa ngati chatha ndi labala kapena ndodo ya pansi. Ndikunena zimenezi poyamba chifukwa masiku ano anthu akulankhula ngati ndine munthu amene sanaonepo paipi.

Madzi a kwathu ndi olemera. Sopo sachita thovu. Ketulo yatsopano ikatha mwezi umodzi imakhala itachita nkhoko yoyera m'kati, ndipo mapaipi amachita nkhoko yomweyo, yolimba ngati fupa, mpaka njira ya madzi kutsala yongolowa udzu. Nkhoko imeneyo tinkaitcha laimu. Moyo wanga wonse ndinalimbana ndi laimu. Ndinkamupala ndi waya, kumuviika m'madzi a mandimu, kumugogoda ndi hamala. Zala zanga zinapindika chifukwa cha ntchito imeneyo. Munthu akanandidzutsa kutulo n'kundifunsa kuti mdani wa paipi ndani, ndikanayankha ndisanatsegule maso.

Akazi anga a Matilda kwawo kunali ku Machinga, mudzi wa pakati pa Ntaja ndi nyanja ya Chiuta. Ndinawatenga tili achinyamata, abale awo atalola. Ana athu awiri tinawaika m'manda kalekale. Matenda a shuga atawapanikiza, a Matilda anati akufuna kukafera kwawo, ndipo ine ndinawatsatira. Munda umene ndinkalima kwa Nsamala unali wa mbumba ya mayi anga, choncho ana a alongo anga anagawana tisanafike n'komwe pa Liwonde. A Matilda anakhala miyezi isanu ndi iwiri, n'kumwalira mu Meyi.

Mkamwini wopanda mkazi, wopanda mwana, sakhala pamudzi. Mwambo wake ndi wakuti maliro akazizira amamusudzula, n'kumuuza kuti zikomo, bwererani kwanu. Woyenera kundisudzula anali mlongo wa a Matilda, alamu anga a Godfrey, amene ndi mwinimbumba. Ndinkadikira tsikulo ngati mbuzi yomangidwa pamsika. Chimene chinandipulumutsa ndi madzi.

Zaka ziwiri ine ndisanafike, bungwe lina linakumba mjigo m'mudzimo, n'kuikapo pampu ya sola ndi thanki pamwamba pa nsanja. Kuchokera pa thankiyo mapaipi achitsulo anapita ku mipope inayi: pafupi ndi mzikiti, pa tchalitchi, pa sukulu ndi panjira ya kumsika. Bungwelo linaphunzitsa munthu mmodzi yekha, Haruna, kasamalidwe kake, kenako linapakira n'kupita. Haruna nayenso anapakira, ulendo wa ku Joni, ndipo kabuku kamene anamupatsa sikanaonekenso. Pampu itayamba kutsokomola, wapampando wa komiti ya madzi, Abiti Mahmudu, mayi wogulitsa nsomba zouma pa Ntaja, anabwera kwa a Godfrey.

"Tamva kuti alamu anuwa amadziwa zitsulo. Musawathamangitse msanga."

"Ndani wanena zothamangitsa?" anatero a Godfrey. "Zosudzulazo tidzaona. Munthu sataya khasu mvula ikugwa."

Ndinali pomwepo pamene ankanditcha khasu. Ndinalandira makiyi.

Vuto la pampu linali waya wothothoka basi. Nditamanga, ndinayendera zonse monga amachitira munthu wodziwa ntchito. Pansi pa nsanja panali mgolo waukulu wabuluu. Madzi ochokera pansi ankayamba alowa mumgolomo, kenako n'kukwera ku thanki. Palibe amene ankadziwa za m'kati mwake. Abiti Mahmudu anati ndi sefa. Sefa ndimaidziwa, mumakhala mchenga ndi makala. Tsiku lina masana, mu Ogasiti, ndinatseka madzi, n'kumasula mabawuti a chivindikiro.

Munali miyala yoyera, ina ngati mazira a njiwa, ina ngati mtedza, yosalala ngati switi amene mwana wamumung'unya n'kulavula. Pansi pake panali phala loyera. Ndinatenga mwala umodzi, n'kufinyirapo ndimu. Unachita thovu. Laimu.

Ndinakhala pansi kuseka ndekha. Ndinawaona makontilakita m'moyo wanga. Amalemba papepala kuti aika chakuti, n'kuika chotchipa chimene atola panjira, chifukwa akudziwa kuti anthu akumudzi satsegula mgolo. Ndinaganiza kuti apa anachita zomwezo. Ndipo miyalayo inkaoneka kuti ikusungunuka. Ikusungunukira kuti? M'mapaipi. Ndinawerengera kuti pakatha zaka zitatu mipope yonse inayi idzakhala itatsekeka ngati ya kwathu, ndipo wodzatukwanidwa adzakhala ine.

Komiti sindinaiuze. Ndikanawauza akanaitanitsa msonkhano, msonkhanowo ukanabala wina, ndipo wina akanati nkhalamba ya ku Balaka ikufuna kutchuka. Ndinakokolola miyala yonse, matumba atatu ndi theka, n'kutsuka mgolowo mpaka kuwala. Matumbawo ndinawaika kuseri kwa nyumba. Kuyambira tsiku limenelo madzi anayamba kuthamanga kwambiri, thanki inkadzadza dzuwa lisanafike pamutu. Amayi ankandipatsa moni kuchokera patali.

"Che Jimu, mwaipatsa chiyani pampu ija? Yayamba kuthamanga ngati yakwatira kachiwiri."

Mu Novembala ife Akatolika timapita kumanda kukalambula, ansembe n'kudalitsa. Manda oyandikana ndi a Matilda anali ndi ziliza za simenti, zina zamatailosi. A Matilda anali ndi mulu wa dothi ndi mtanda wathabwa umene chiswe chinali chitayamba kale. Chiliza sindikanatha. Ndinakumbukira matumba aja. Ndinatsuka miyalayo kawiri, n'kuinyamula pa wilibala yobwereka, ndipo tsiku lolambula ndinaiyala pamanda ponse, yaikulu m'mphepete, yaing'ono pakati. Dzuwa litawomba, manda a Matilda ankawala kuposa amatailosi aja. Akazi a a Godfrey, a Janet, anagwada n'kusisita miyalayo ndi dzanja.

"Alamu, mwaitenga kuti yokongola chonchi?" anafunsa a Godfrey.

"Kwathu ku Balaka. Mwana wa mlongo wanga watumiza."

Bodzalo linatuluka lokha. Sindinafune kuti wina adzati mkamwini watenga katundu wa mudzi, ngakhale kwa ine zinali zinyalala. A Godfrey anandigwira paphewa. Chifikireni m'mudzimo, kanali koyamba kundigwira.

Chaka chinatha bwinobwino. Chachiwiri chili m'kati, madzi oyamba a m'mawa anayamba kutuluka ofiirira. Ndinati ndi dothi la mvula. Mvula inatha, kufiira sikunathe. Tiyi anayamba kuda ngati inki. Mpunga unkatuluka mumphika wotuwa. Mipope yamkuwa inachita zobiriwira m'khosi, ndipo simenti ya pansi pake inakhakhala, mchenga kuonekera ngati wina waipala dala. Kenako paipi ya ku sukulu inaboola kabowo ngati ka singano. Ndinamanga ndi legeni. Sabata yotsatira inaboola pena, chikhato chimodzi kuchokera pa legeni paja.

Ndinadula kachidutswa kuti ndione. Ndinkayembekeza nkhoko yoyera. Munalibe ngakhale pang'ono. M'kati munali mofiira, mwa zithupsa za dzimbiri, ndipo nditakanda chithupsa chimodzi ndi chikhadabo, kuwala kunaonekera tsidya lina. Chitsulo chimene kwathu chimakhala zaka makumi awiri, apa chinali ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Zinthu zoterozo ndinali ndisanazionepo.

Lachisanu lina Abiti Mahmudu anandipeza ndikukumba pafupi ndi mzikiti. Anatambasula mkanjo wa amuna awo pamaso panga. Unali ndi mawanga achikasu kuyambira pakhosi mpaka m'munsi.

"Che Jimu, taonani. Bambo akaswali ku mzikiti atavala ichi? Anthu aziti ndawagoneka m'khola."

"Sopo wanuyo ndi wa pamsika."

"Sopo ndi yemweyo kuyambira ndili mtsikana. Chasintha ndi madzi anu."

"Akamathamanga ndi a mudzi, akafiira ndi anga?"

"Makiyi ali ndi ndani?"

Anaimba foni ku ofesi ya madzi ku boma. Tinadikira miyezi itatu, ine ndikumanga malegeni. Pofika Juni, paipi ya kumsika inali ndi mfundo khumi ndi zinayi, ndipo pansi ponse pamene inadutsa panamera udzu wobiriwira pakati pa chilimwe.

Amene anabwera anali mtsikana, pa njinga yamoto, atavala chipewa cholimba pamwamba pa mpango. Anati dzina lake ndi Zulfa. Ndinamuyang'ana manja. Analibe chipsera ngakhale chimodzi. Anthu anasonkhana pa thanki, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. A Godfrey ndi a Janet analipo. Mayi ake a Haruna analiponso, gogo wosaona bwino amene anakhala patsogolo ndi ndodo yake.

Zulfa anatunga madzi pa kampope koyezera ka pansi pa thanki, n'kuviikamo kachipangizo konga cholembera chonenepa. Anawerenga nambala, n'kuviikanso. Anadonthezera mankhwala m'timabotolo, kuwerenga madontho chamumtima. Kenako anapempha kachidutswa ka paipi kaja, n'kukayang'ana kudzuwa.

"Ndani amasamala pano?"

"Ndine."

"Bambo, munagwirapo kale ntchito ya madzi?"

"Musanabadwe. Kwa Nsamala."

"Ndiye inu mundimvetsa msanga kuposa onsewa," anatero. Anatembenukira kugulu, nalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao kuti agogo amve. "Madzi amanyamula laimu wosungunuka, monga tiyi amanyamulira shuga. Koma ali ndi mlingo wake. Akanyamula wopitirira mlingo, amamutula panjira. Ndiyo nkhoko yoyera ya m'maketulo a ku Balaka. Madzi amenewo tinganene kuti ndi okhuta. Akakhala kuti sanafike pa mlingo, amafunafuna. Amadya chilichonse chimene akhudza: simenti, mkuwa, chitsulo. Anu ano ndi otero. Ndi madzi anjala."

"Madzi ali ndi mimba?" anafunsa bambo wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Funsani mkanjo wa amuna anga," anatero Abiti Mahmudu.

"Kachipangizoka kakuwerenga faifi ndi theka," Zulfa anapitiriza. "Madzi osavuta chitsulo amayenera kukhala cha m'ma seveni, kapena kupitirira pang'ono. Kufiira mukuonaku ndi mapaipi anu amene mukumwa. Madzi abwino ndi apakati, osakhuta kwambiri, osakhalanso ndi njala. Amenewo amasiya kankhoko kopyapyala m'paipi, ndipo kankhoko kameneko n'kamene kamatchinjiriza chitsulo."

"Laimu amapha paipi," ndinatero. "Ndamupala ndi manja awa."

"Akachuluka, inde. Akasowa, paipi imafa imfa ina. Anthu amene anamanga pano anayeza madzi, ndipo anadziwa. N'chifukwa chake anaika mgolo uwo. Madzi amayenera kudya miyala ya mumgolomo, n'kukhuta, asanafike kuchitsulo. Mwina miyalayo yatha. Tatsegulani tione, bambo."

Sipanala ndinali nayo m'thumba. Mabawuti anali asanu ndi atatu. Ndinawamasula limodzilimodzi, pang'onopang'ono, ndikuganiza choti ndinene, koma mutu unali mbee. Nditachotsa chivindikiro, Zulfa anasuzumira, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa.

"Mulibe ngakhale phala. Miyala ikatha yokha imasiya zotsalira. Muno wina anatsuka."

"Miyala yanji?" anafunsa Abiti Mahmudu.

Zulfa anatulutsa kajumbo m'chikwama. "Ngati iyi. Ndimayenda nayo yoyezera. Amaikumba ku Balaka, kwawo kwa bambowa." Anatapa ingapo n'kupereka kuti anthu aone. Ina anaisinja, n'kuthira ufa wake m'botolo la madzi aja, kukhutchumula nthawi yaitali, n'kuviikamonso kachipangizo. "Onani, nambala yakwera. Madziwa adya mwala tikuona."

Anthu sankayang'ana nambala. Ankafuna dzina.

"Ndi Haruna," anatero bambo wa kumbuyo uja. "Ya thiransipoti ya ku Joni anaipeza kuti?"

"Mwana wanga anagulitsa njinga yake," anatero gogo uja, akugogoda ndodo pansi. "Njinga yake ndi mbuzi zanga ziwiri. Miyala angagule ndani?"

"Kabuku anapita nako. Wotenga kabuku angasiye miyala?"

Ndinakhala chete. Ndikulemba zoona: ndikanakhalabe chete mpaka mapeto. Haruna anali kutali, sakanamva kuwawa. Ine ndinalibe kopita.

Miyala ija inkayenda m'manja mbali ya akazi. Umodzi unafika kwa a Janet. Anauyang'ana, n'kuusisita ndi chala monga anachitira kumanda kuja. Anadzuka, kudutsa pakati pa bwalo, kugwada pafupi ndi amuna awo n'kuwaikira mwalawo m'dzanja. A Godfrey anautembenuza kawiri.

"Alamu," anatero, mawu ali pansi, "mwana wa mlongo wanu uja, amene anatumiza miyala ya pamanda, dzina lake ndani?"

Ana a alongo anga alipo asanu ndi mmodzi. Mayina awo onse ndimawadziwa. Palibe limene linabwera pakamwa.

"Ndinkateteza mapaipi," ndinatero. "Kwathu laimu..."

"Kuno si kwanu," anatero Abiti Mahmudu.

Phokoso silinali lalikulu monga mungaganizire. Akhristu ankafotokozera Asilamu za mandawo monong'ona. Gogo uja anafunsa kawiri kuti akuti chiyani, ndipo atamuuza anangolavulira pambali.

"Ndiye akaitenge aibweze," anatero wina.

"Manda a mlongo wanga savulidwa," anatero a Godfrey.

"Ngakhale atavula," anatero Abiti Mahmudu, "ndani amwe madzi odutsa m'miyala ya pamanda? Inu mungamwe?"

Zulfa anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anati miyala si nkhani yaikulu, ina ikhoza kupezeka. Nkhani ndi mapaipi, amene anali atatha kale. Onse ofunika kuzula n'kuika apulasitiki, ndipo zimenezo komiti siingathe payokha. Ananenanso kuti miyala ya mumgolo imafunika kuwonjezera chaka ndi chaka, ndipo ngati panalibe amene anauzidwa zimenezo, tsiku lina ikanatha ndithu. Ananena kawiri, kachiwiriko m'Chiyao. Anthu anali atamva kale zimene ankafuna kumva. Anawalangiza kuti madzi oyamba a m'mawa azitaya mpaka ayere, makamaka opatsa makanda. Anamaliza n'kuti akalemba lipoti.

Abiti Mahmudu anatambasula dzanja. Ndinaikamo makiyi.

Anthu atabalalika, ndinamupeza Zulfa akumanga chikwama pa njinga yake.

"Mayi, ndifunse. Ndikanaisiya miyala ija, mapaipi akanakhala?"

"Akanachedwa kudyeka."

"Zaka zingati?"

"Sindingakuuzeni, bambo. Mwina zisanu, mwina khumi akanamawonjezera miyala. Chitsulo m'madzi ngati awa si chanzeru kuyambira pachiyambi."

"Ndiye wolakwa ndi amene anaika chitsulo."

"Iwo anaika chitsulo ndi mgolo. Inu munachotsa za mumgolomo." Anamanga lamba wa chipewa. "Bwanji simunafunse?"

"Ndifunse ndani? Haruna ali ku Joni. Inuyo mwabwera patatha miyezi itatu chiimbireni foni."

"Zimene munaona ku Balaka ndi zoona," anatero. "Kungoti ndi theka lake." Analiza njinga n'kupita. Lipoti lakelo sindinalione, ndipo sindikudziwa munthu amene analiona.

Ine sindikhulupirira kachipangizo kamene sindingakatsegule. Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ndinatenga mabotolo awiri a Fanta, n'kuthiramo madzi a pa mpope wa ku tchalitchi. M'lililonse ndinaponyamo msomali watsopano. M'limodzi ndinawonjezeramo timiyala tisanu timene ndinatola kuseri kwa nyumba, pamene panali matumba paja. Ndinawaimika pawindo. Ndinati ngati mtsikanayo wanena zoona, msomali wa m'miyala ukhala woyera, ndipo ndivomera mlandu. Ngati yonse ichita dzimbiri mofanana, ndinyamula mabotolowo kupita nawo pabwalo kuti aliyense aone.

Makiyi anapatsidwa kwa mphunzitsi wina amene sadziwa kumanga legeni. Mu Julayi mpope wa kumsika unauma. Mu Ogasiti madzi ankathera panjira yense asanafike pa sukulu, ndipo komiti inazimitsa pampu kuti ingapse. Amayi anabwerera ku zitsime za kudambo, ulendo wa ola limodzi kupita kokha. Njira ya kudamboko imadutsa pakhomo panga. M'mawa uliwonse amadutsa ndi zidebe, ndipo akafika pa mpanda wanga amasiya kucheza, n'kuyambiranso akapitirira. Palibe amene wanditukwana. Abiti Mahmudu yekha ndi amene anaima tsiku lina.

"Che Jimu, muli ndi madzi akumwa?"

"Ndili nawo."

"A kuti?"

"A kudambo."

"Mumakatunga nokha?"

"Nanga anditungire ndani?"

Anayang'ana mawondo anga, n'kupukusa mutu, n'kumapita. Sindikudziwa ngati chinali chisoni kapena ankangofuna kutsimikiza kuti nanenso ndikuyenda ulendowo.

A Godfrey anabwera Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi. Anakana mpando, anakhala pa chitsa.

"Alamu, takambirana ndi mbumba. Papita nthawi chimwalirire mlongo wanga. Si bwino kumusunga munthu womangika chonchi. Mukakolola nandolo wanu, tidzachite mwambo uja, mumasuke."

"Ndimasuke ndipite kuti?"

"Kwanu. Muli ndi ana a alongo anu. Amakutumizirani ndi miyala yomwe."

"Ndinkafuna kuti manda aoneke bwino."

"Akuoneka bwino. Anthu akumudzi uno sadzawaiwala." Anakanda chitsa ndi chikhadabo. "Mukanangochotsa miyala, ndikanakuimirani. Munthu amalakwa pa ntchito. Koma munandinamiza nditaima pamutu pa mlongo wanga, ine n'kukugwirani paphewa. Ndiponso munamusiya gogo uja akulirira mwana wake pagulu, inu muli duu ndi sipanala m'manja."

Atadzuka kuti azipita, ndinawafunsa.

"Mu Novembala ndingabwere kudzalambula?"

"Mudzapemphe. Tidzaona."

Ndinatumiza uthenga kwa Nsamala. Mmodzi mwa ana a alongo anga anayankha kuti pali kanyumba kamene ankasungiramo thonje, denga lake likudontha mbali imodzi. Za munda sananene. Mijigo ya kumeneko akuti masiku ano akukonza ndi anyamata a masetifiketi.

Nandolo wauma. Ndathyola mizere isanu ndi umodzi, yatsala inayi, ndipo ndikuthyola mzere umodzi patsiku ngakhale ndingathe iwiri.

Mabotolo aja akadali pawindo. Misomali yonse iwiri inachita dzimbiri. M'mawa dzuwa likalowa pawindo, ndimaona ngati madzi a m'botolo la miyala ndi oyererapo, ndipo msomali wake ndi wonenepapo. Ndikayang'ananso masana, ndimaona ngati ndi chimodzimodzi. Ndawasinthanitsa malo, ndawayang'ana ndi diso limodzi, ndawatulutsa panja. Sindingapite nawo pabwalo, chifukwa sakundiikira kumbuyo. Sindingathenso kunena kuti ndaona ndi maso anga chimene ndinalakwa. Munthu amene akanandiwerengera anakwera njinga yake n'kupita.

Dzulo a Janet anabwera kudzaona nyumba, poti mwana wawo wamkazi ndi amene adzalowemo. Anayeza chitseko ndi dzanja, anayang'ana denga, kenako anaima pawindo.

"Alamu, mabotolowa muli nawo ntchito?"

"Ndikuyeza madzi."

"Mukamapita mutisiyire. Tizisungiramo mafuta ophikira."

Ndinati chabwino, ndidzawatsuka.